Kwathu kuno sizasi timapereka mwezi wachitatu

Anthu akabwera pa shopu pathu kuno ku Ndirande nkupeza mtsikana woti wangotha miyezi itatu wagwira sizasi akudula nsalu ya kasitomala amadabwa, ena mpaka amandiitanira pambali kuti mayi mukumulekerera bwanji mwanayu, aononga nsalu ya eni ake. Funso limeneli ndalimva kambirimbiri nde lero ndati ndilembe mmene kashopu kathuka kanayambira, mwina mumvetsa chifukwa chake ndimaphunzitsa chonchi, komanso pali makolo ambiri amandifunsa kuti mwana wawo akamusiye kuti akaphunzire kusoka.

Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2, fizi inasowa bambo atamwalira. Amalume ndi amene anandigwira dzanja kukandisiya kwa atelala ena achikulire amene ankasokera pakhonde pa golosale pafupi ndi msika. Bambo amenewo ntchito ankaidziwa abale, jekete yawo munthu ukavala imachita kukhala ngati unabadwa nayo. Koma zaka ziwiri zathunthu zimene ndinakhala pamenepo ntchito yanga inali kusokerera mabatani, kupinda mpendero, kupemerera makala mu simbi ndi kutumidwa ulusi basi. Ikafika nthawi yodula ankandipatsa ndalama kuti thamanga ukagule zipi, pobwera ndimapeza nsalu yadulidwa kale, zidutswa azipinda, tepi ili m'khosi mwawo. Sindiwasungira chakukhosi ayi, nawonso anaphunzitsidwa choncho ndipo ankanena poyera kuti mwana ukamuonetsa zonse mawa akulanda makasitomala. Koma zaka ziwiri ndi zambiri kwa munthu woti kunyumba akumudikira kuti ayambe kubweretsa ya ndiwo.

Kudula ndinadziphunzitsa ndekha usiku. Ndinkagula diresi ya pa kaunjika yotchipa yomwe, nkumamasula msoko uliwonse ndi leza pang'onopang'ono mpaka yonse ikhale zidutswa, nkusita, nkuyala pa pepala la thumba la simenti nkumajambula mozungulira. Pamenepo mpamene ndinaonera koyamba kuti dzanja la malaya kumutu kwake kutsogolo ndi kumbuyo sikofanana, kutsogolo kumalowa mkati kwambiri, ndipo ukasinthanitsa manja malayawo amakoka munthu akatambasula mkono. Kanthu koti munthu akanangondiuza pa mphindi zisanu ine kananditengera miyezi.

Makina anga oyamba anali Butterfly yopalasa ndi miyendo, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndalama yake ndinabwereka ku banki mkhonde yathu ya azimayi akutchalitchi. Ndinayambira pakhonde nanenso, kusoka zigamba, kufupikitsa mathalauza a kaunjika, kusintha mazipi, kenako mayunifomu a ana apulaimale masukulu akamatsegulira. Ntchito za zigambazi anthu amazinyoza koma ine ndimawauza ophunzira anga kuti chovala chilichonse cha kaunjika chimene chafika mmanja mwanu chitembenuzeni kunsi muone mmene anachisokera kufakitale, mmene anayikira thumba, mmene anamalizira kolala, imeneyo ndi sukulu yaulere.

Wophunzira wanga woyamba anali mwana wa aneba, anasiya sukulu atapatsidwa mimba ndipo mayi ake anachita kundipempha kuti asamangokhala pakhomo. Apa ndinene chilungamo, ndinayamba kumuchita zomwe zija anandichita ine, osadziwa nkomwe. Mabatani, simbi, thamanga ukagule ulusi. Tsiku lina ali chiweramire akusokerera batani pa shati ya sukulu, mwana ali kumsana, anangoti, "Mayi, kodi ine kudula ndidzayamba liti?" Mawu amenewo anandilasa mumtima chifukwa ndi funso lomwe ine ndinakhala nalo pakhosi zaka ziwiri osalimba mtima kufunsa. Usiku umenewo tulo sindinatione bwino. Mmawa mwake ndinagula kope nkulemba zimene munthu ayenera kudziwa sabata ndi sabata, ndipo kope limenelo ngakhale lathaitha ndi limene tikutsatirabe mpaka lero.

Sabata yoyamba kulibe nsalu kulibe ulusi. Ndimajambula mizere pa pepala, yoongoka, yokhota, yamakona, wophunzira nkumapalasa makina singano ikuboola pepala kutsatira mzere, ukakweza pepalalo kudzuwa timabowo timaonetsa pamene mwendo unathamanga kuposa dzanja. Sabata yachiwiri ndi ya makina enieniwo, kupukuta, kuthira oilo, kukulunga bobini (kokulungapo ulusi wapansi), kudziwa kuti ulusi ukamapanga zisa pansi pa nsalu nthawi zambiri vuto lili ku ulusi wapamwamba osati ku bobini, kudziwa kuti singano ya 14 ndi ya chitenje, ya 16 kapena 18 ndi ya jinzi, ya 11 ndi ya nsalu zopyapyala. Telala woti makina akangodumpha msoko akudikira makaniko adzagona ndi njala masiku ambiri.

Kumene ndimachedwa kwambiri ndi pa tepi, ndipo apa mpamene ndinazindikira kuti ana athu ambiri masamu anawathawa kusukulu chifukwa palibe anawaonetsa ntchito yake. Mtsikana amabwera akunena kuti ine mayi masamu ndi ine ayi, koma ndikamupatsa tepi kuti yeza chifuwa cha mnzakoyu, apeza mainchesi 36, ndimuuze kuti nsalu tapinda pawiri ndipo tikudula kutsogolo kokha nde gawa panayi, apeza 9, onjezera ya msoko ndi yoti munthu apumire, pakutha sabata ziwiri hafu ndi kota akuziwerengera pamtima. Wina anachita kundiuza kuti akanamuphunzitsa ndi tepi ku Sitandade 6 bwenzi mayeso atakhoza. Aliyense amakhala ndi kope lakelake la miyezo, dzina la kasitomala, tsiku, kachidutswa ka nsalu yake nkukamata pambali ndi pini. Pamtima sitisunga miyezo, ngakhale ya amayi ako okubereka.

Akatha kudula mapatani pa nyuzipepala ndi pa nsalu zotsala, mwezi wachitatu ndimamupatsa sizasi ndi nsalu yeniyeni.

Sikuti sizinandipwetekepo. Chaka china nthawi ya zinkhoswe kunabwera mayi wina ndi zitenje za akuchikazi, nsalu yokongola ya mbalame zoyang'ana mbali imodzi, madiresi asanu ndi limodzi ofunika Loweruka. Ine ndinatuluka pang'ono kukaona mwana kuchipatala, pobwera ndinapeza mtsikana wanga wadula siketi ziwiri mbalame zitazondoka, mitu pansi miyendo mmwamba. Anafuna kupulumutsa nsalu nde anatembenuza patani osayang'ana maluwa. Nditalowa anali atazindikira kale, atakhala pansi pakona sizasi ili pamiyendo misozi ili mbwembwembwe, akuti mayi ndipita kwathu ine ntchito imeneyi si yanga. Ndinakwera minibasi kupita ku Limbe ndi kachidutswa mmanja, kulowa shopu ndi shopu mpaka miyendo kuwawa, mwamwayi ndinaipeza nsaluyo chakumadzulo, ndalama yotuluka mthumba mwanga, ndipo tinasoka mpaka usiku magetsi atathima tikuunikira ndi tochi ya foni. Mmawa mwake nsalu yatsopanoyo ndinaiyala patebulo nkumuitana yemweyo kuti bwera udule. Manja ankanjenjemera koma anadula, ndipo anadula bwino. Ndikanamulanda sizasi tsiku limenelo sakanadzaigwiranso, ndikudziwa chifukwa ndawaona atelala ambiri odziwa kupalasa makina koma oopa kudula moyo wawo wonse. Kuchokera pamenepo tinaika lamulo limodzi, jambula ndi choko, yang'ana kumene maluwa aloza, ndiitane ndione, kenako dula wekha. Siketi zozondoka zija tinasokera tiana madiresi nkugulitsa, sindinamudule ndalama.

Mu 2020 masukulu atatsekedwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid, mayunifomu anaima, maukwati anachepa, ndinkaganiza zotseka. Amene anatipulumutsa ndi ophunzira omwewo. Mmodzi anabwera ndi foni yake kundionetsa pa YouTube mmene amasokera masiki ya nsalu, tinakhuthula thumba la zidutswa limene linkangodzaza malo nkuyamba kusoka, iye nkumajambula nkuika pa status ya WhatsApp, maoda nkumabwera, anthu nkumalipira pa Airtel Money ndi Mpamba. Ine foni ndinkangoidziwa poimba ndi kuyankha. Mwana woti ndinamuphunzitsa kugwira tepi ndi amene anakhala nane pansi kundiphunzitsa kusaka mavidiyo, ndipo mpaka pano Lachisanu lililonse masana timagula bandulo nkuonera limodzi sitayilo imodzi yatsopano, atelala aku Nigeria ndi ku Ghana amaphunzitsa bwino kwambiri za nsalu zathu zomwezi, kenako aliyense amayesa pa nsalu yotsala. Akwati a masiku ano amabwera ndi chithunzi pafoni, ukati sindidziwa ulendo wabasi sabweranso.

Nkhani ya mapepala nayo ndiikambe chifukwa inandiphonyetsa ntchito. Sukulu ina yapulaiveti inkafuna woisokera mayunifomu, ntchito yanga anaikonda koma atafunsa satifiketi ndinalibe choonetsa. Luso lili mmanja koma amene sakukudziwa amayamba waona pepala. Njira zilipo abale, kuli mayeso a trade test a ku unduna wa zantchito amene nthawi yathu unkayambira Giredi 3 nkumakwera mpaka Giredi 1, kuli TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, imene inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo ili ndi ndondomeko yoyesa anthu amene anaphunzirira ntchito pakhonde ngati ife kuti luso lawo lizindikirike, kulinso makoleji a ntchito zamanja a mmadera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Ine mayeso ndinakalemba ndili mayi wa ana atatu, tsiku limodzi ndi wophunzira wanga, ndipo za mkalasi zija monga maina a misoko mchizungu ndi iyeyo amene ankandifunsa mafunso madzulo tikatseka. Pano aliyense wofika chaka pa shopu pathu ndimamukakamiza kuti akalembetse.

China chimene atelala akale sankaphunzitsa ndi nkhani ya ndalama. Munthu amatuluka akudziwa kusoka suti koma osadziwa kutchaja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mazipi, lainingi, sitifu, singano, zonse zinakwera poti zambiri zimachokera kunja, anzathu ena anapitiriza mitengo yakale poopa kuthawitsa makasitomala mpaka anagulitsa makina. Nde ine ophunzira anga ndimapita nawo kokagula katundu, abwere alembe chilichonse chalowa mu diresi imodzi kuyambira ulusi, makala a simbi, thiransipoti, lendi, ndi maola amene akhala pamakina, akatero atchule mtengo okha ine ndikumvetsera. Kasitomala asiye theka poyamba. Ndipo tsiku ukalonjeza likhale lomwelo, mbiri yoti atelala ndi a bwerani mawa inatipweteka tonse, kuli bwino kumuuza munthu kuti sabata ino sindikwanitsa apite kwina kusiyana ndi kumubisalira kuseri kwa shopu.

Makolo amene mukufuna kukasiya mwana kwa telala kaya kalipentala kaya wowotcherera, musamangofunsa fizi yokha. Funsani kuti mwanayu adzayamba liti kugwira ntchito yeniyeniyo, makina alipo angati pa ana angati, ndipo pakatha miyezi iwiri mupiteko mumuuze akusokereni kenakake inu mukuona. Ngati akungodziwa kumene amagulitsa mazipi otchipa ndiye kuti mwana wanu ndi wantchito waulere.

Za mantha a bambo aja oti adzakulanda makasitomala, sanali kunama. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa ndi mtima wanga wonse anakatsegula pake chapafupi pomwepa, makasitomala anga angapo nkumutsatira chifukwa ankatchaja motsikirako, ndipo ndinadandaula zedi, kwa miyezi ndinkadutsa njira ina kuti ndisaone chikwangwani chake. Koma itabwera oda yaikulu ya mabulauzi oyera a amayi a Mvano yofunika pa sabata ziwiri, makina anga anayi sakanakwanitsa, ndinayenda ndekha kukamugogodera, ndinaimbiranso ena awiri amene anatuluka mmanja mwanga, wina ali ku Chirimba wina ku Bangwe. Tinagawana ntchitoyo ndipo mabulauzi atabwera pamodzi sukanasiyanitsa kuti iyi wasoka ndani, kolala yofanana, msoko wofanana, chifukwa tonse tinachokera mu kope limodzi lija. Kuyambira pamenepo oda ikandikulira ndimadziwa koimba, nawonso ikawakulira amandiimbira, ndipo amene ndinkamuzemba uja ndi amene amandibwereka ovaloko yake, makina omangira mmphepete mwa nsalu, yanga ikafa.

Panopa tili ndi ophunzira atatu, awiri atsikana mmodzi mnyamata. Wamng'ono pa onsewo akukwanitsa miyezi itatu Lolemba likubwerali, ndamuuza kuti abwere ndi chitenje cha amayi ake ndi miyezo yawo mu kope, siketi yake yoyamba kudula ikhale ya iwowo. Sizasi ndakanoletsa kale dzulo.