Ndinasambitsa galu wa madamu mpaka anasanduka wapepo

Madamu amene ndimawagwirira ntchito kuno ku Joni ali ndi galu wa mtundu wa English Springer Spaniel, wa mawanga oyera ndi akhofi, makutu aatali olendewera mpaka kupitirira chibwano. Pa mapepala ake a KUSA, bungwe lolembetsa agalu kuno lomwe linayamba kalekale mu 1891, dzina lake ndi lalitali moti ungapume kawiri usanamalize, koma pakhomo timangoti Duke. Akuti ndi galu wosaka eti, makolo ake ku England ntchito yawo inali kulowa pa tchire nkuvumbulutsa mbalame kuti mlenje awombere, kenako nkukaitola osaitafuna. Ine ndinakulira ku Ntcheu, agalu osaka ndimawadziwa. Athu aja nthiti zimawerengeka, amadya mkute ukatsala, madzi amawakhudza pokhapokha akamawoloka mtsinje, koma kalulu akadzuka safika patali. Duke ali ndi thaulo lakelake, maburashi, ndi kachipewa ka nsalu komuveka akamadya kuti makutu asagwere m'mbale, ndipo chibadwire sanapheko olo chiwala.

Kumukonzera galu ameneyu show, mpikisano woonetsa agalu, ndi ntchito aise. Nditangoyamba kumene ndinawauza madamu kuti ine ndinagwirapo mu babashopu, ingondipatsani mashini mphindi khumi tathana naye, mayi aja anagwira pa mtima ngati ndatukwana. Kani galu wa show wa mtundu uwu sametedwa ndi mashini pa msana, ubweya umadzamera wonyankhalala komanso mtundu umafwifwa. Umachita kuzula ubweya wakufa ndi zala, chala chachikulu ndi chamkombaphala, pang'onopang'ono mpaka msana usalale. Kukhosi ndi pamwamba pa makutu amadutsapo ndi sizasi ina ya manomano, ubweya wa pakati pa zala za kumapazi kudula kuti phazi lioneke lozungulira, zikhadabo kuwenga, ndiye ubweya wautali wa kumiyendo, pachifuwa ndi kumimba kupesa tsiku ndi tsiku usapotane. Zonsezi amapanga okha madamu, ine yanga imakhala kugwira galu pa tebulo nkumayasamula.

Ndiye sabata ya show madamu anabinya bondo pa masitepe. Show inali Loweruka cha ku Bedfordview, ndalama yolembetsa analipira kale, ndiye anangoti iwe ukathamanga naye mu ring, bwalo loonetsera agalu, ndikupatsa ovataimu. Lachisanu akupita kwa dokotala anandisiyira botolo la shampu, mkati mwake zinthu zapepo bii, nkundiuza kuti uthire pang'ono m'madzi, upake poyera pokha, pakatha mphindi zitatu utsukuluze. Akuti mtundu wapepo umapha chikasu chija chimabwera mu ubweya woyera. Ine ndinaganiza mwa munthu woti wachapa malaya oyera moyo wake onse, kuti chinthu chimayera bwino ukachinyika, ndipo sopo wosungunula ndi madzi ndi wa anthu oumira. Ndinamukhuthulira theka la botolo, kupakapaka miyendo, chifuwa, kumimba, mpaka kamzere koyera ka pamphumi.

Ndili mkati foni inalira, amalume pa WhatsApp. Inu mukudziwa, amalume sungawadule. Moni yekha anatenga nthawi, kenako nkhani ya mbuzi za aneba zomwe zadya chimanga cha kudimba, mlandu uli kwa amfumu, mboni ina yathawa, "mphwanga ndiwe wekha amene ndikudalira, pakufunika kangachepe". Ine ndingoti eya malume, zoona malume, pepani malume, uku galu wakhala phee mu bafa thovu lili mbuu akundiyang'ana. Netiweki inaduka kawiri, kawiri konse anaimbanso nkuyambira pa moni.

Pomwe ndimatsegula mpope, thovu linachoka koma mtundu unatsala. Abale, galu yense poyera paja panali ngati msewu wa jacaranda mu Okotobala. Khofi ndi pepo. Ndinamuchapa ndi Sunlight ya mbale, kutsukuluza, kuchapanso, galu mpaka kuyamba kuyetsemula, mtundu unangochepako pang'ono basi. Ndikuti ndiyatse draya mwina akauma zisintha, magetsi thii, load shedding. Madamu anatipeza panja pa dzuwa ine ndikumukupiza galu ndi katoni.

Sanakalipe, nzomwe zinandiopsa. Anakhala pansi pa kapinga ndi ndodo zawo, kumuyang'ana Duke nthawi yaitali, kenako anati tiyesa cornflour. Anthu a show amapaka ufa umenewu kapena choko ku miyendo yoyera kuti iwale, koma umayenera kuupesa wonse uchoke usanalowe mu ring. M'mawa wa Loweruka kapaketi kawo kanathera pa miyendo yakutsogolo. Madamu ali kosamba, ine ndinathamangira ku chipinda changa nkukatapa ufa wa nsima mbale yodzadza, ufa ndi ufa basi. Ndinamufwiritsa bwinobwino galu uja anayera mbee. Nditayesa kupesa pepo uja anayamba kusuzumira, ndiye burashi ndinaibweza m'chikwama mwakachetechete.

M'galimoto, pa mpando wakumbuyo pomwe ndinakhala ndi Duke, panali kakontena ka chiwindi chootcha chodulidwa timagawo ting'onoting'ono, kafungo kabwino zedi. Ndinati koma madamu awa ndi munthu, ndi zonse zadzulo zija andikonzerabe kamba. Tikufika pa geti kontena ili pululu. Tikutsika ndi pomwe akundiuza kuti tenga chiwindi chija uike m'thumba la jekete, uzimuonetsa galu mu ring kuti adzutse mutu. Ndinangoti chabwino madamu, nkuika kontena yopanda kanthu m'chikwama.

Kumalo kuja agalu amawagawa m'magulu, osaka ndi mfuti kwaokha, timbwa tonyamula m'manja kwaokha, oweta nkhosa kwaokha, aliyense ali jijirijijiri ndi zipeso ndi masipule. Anandimanga nambala pa mkono, ine mu suti yobwereka kwa mnzanga wa ku Mangochi yomwe thalauza lake linali londithina kale. Jaji anali bambo wachikulire wa suti ya bluu wakuda. Umayenera kumuimika galu miyendo yakutsogolo chilili, yakumbuyo itatambasukira m'mbuyo, dzanja lina pa chibwano. Enawo agalu awo anangoima njo. Wanga ananunkhiza chiwindi mkamwa mwangamu, ndiye nthawi iliyonse ndikawerama iye lilime pa mphuno panga.

Jaji anafika, kumutsegula kukamwa kuona mano ngati akumanirana bwino, kupapasa mutu, mapewa, msana, kenako dzanja lija linapitirira mpaka kumbuyo pakati pa miyendo. Palibe anandiuzapo kuti galu wamphongo amamuona ngati zonse ziwiri zilipo. Ine ndinakuwa kuti bwana akulumani! Anthu kuseka, jaji kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, ndiye pofuna kuonetsa kuti palibe vuto anamusisita Duke pachifuwa nkumumenya kambama kachikondi. Fumbi loyera fuu. Duke naye anati ndithandizeko, anadzikutumula thupi lonse kuyambira makutu mpaka mchira. Suti ya bluu ija inayera, magalasi anayera, mayi wina wa galu woyandikana nafe anayamba kutsokomola, ndipo pakati pa utsi umenewo panatulukira galu wapepo akugwedeza mchira kkkk. Jaji anatola kaufa pa kolala, kukafikisa ndi zala, mpaka kukanunkhiza.

Koma mkulu uja anali waulemu, anangoloza ndi dzanja kuti zungulirani. Tinayamba kuthamanga bwinobwino, ndipo ndikuuzeni galu uja amathamanga mokongola, makutu petupetu. Tili pa kona, kuseri kwa chingwe kunatera zimbalame zaphokoso zija amati hadeda, zitatu, zikujompha pa kapinga. Duke anaima, mphuno kutsogolo, thupi lonse likunjenjemera. Apa ine sindikudziwa chinandilowa, pakamwa panangotuluka pokha kuti saa, gwira!

Kachingwe ka show ndi kowonda, sikopangira zimenezo. Kanandipulumuka nditagwa kale chafufumimba, thalauza la eni ake linang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pa bondo. Galu anadutsa mu ring ya eni ake, mbalame zinauluka zikulira, iye osaima, kulowa mu ngalande ya matope, kutulukira mbali ina komwe amaotcha nyama. Patapita kanthawi tinangomuona akubwera monyadira, pepo uja wakwiririka ndi matope, kukamwa atanyamula soseji yaitali ya boerewors ikulendewera mbali zonse. Anafika nkukhala pansi patsogolo panga nkuiika m'manja mwanga, yonse yathunthu, olo dzino limodzi osalowa. Bambo wina wachibunu amene anaima pa chingwe anaomba m'manja yekhayekha, kumbuyo kwake kukubwera mwini soseji ndi chopanira nyama m'manja.

Pobwerera m'galimoto munali zii, ine nditakhalira thaulo la galu chifukwa cha thalauza lija. Tikuyandikira kunyumba madamu anangofunsa funso limodzi, kuti chiwindi chija chinali bwanji. Ndinati mchere unachepa. Ya soseji anandidula pa malipiro, ya ovataimu sanaitchulenso, mwini suti akufuna thalauza latsopano, ndipo mwezi wamawa akuti kuli show ina ku Pretoria, ine ndayamba kale kutsimphina.