Makilomita 300 pa njinga, wotchi osaima

Lamulo lake ndi lalifupi: makilomita 300 pa njinga yakapalasa, muwamalize pasanathe maola 20. Ulendo wa mtundu umenewu amautcha brevet, ndipo si mpikisano. Palibe chikho, palibe woyamba kapena wachiwiri. Amene wafika patatha maola 12 ndi amene wafika patatha maola 19 onse amalembedwa mofanana kuti amaliza. Koma wotchi ikangoyamba m'mawa siimanso. Mukamadya ikuyenda, mukamamata chubu ikuyenda, mukatsamira khoma kuti mupumeko ikuyendabe. Zonse zimene ndinachita tsikulo, kuyambira polongedza mpaka pobweza khadi limene limadindidwa m'njira kusonyeza kuti mwadutsa malo oyenera, zinatsamira pa mfundo imeneyi.

Kulembetsa sikunavute. Maulendowa amavomerezedwa ndi kalabu ya ku France yotchedwa Audax Club Parisien, yomwe inakhazikitsidwa mu 1904 ndipo kuyambira mu 1921 yakhala ikuyendetsa maulendo oti munthu aliyense apalase pa liwiro lake. M'mayiko ambiri muli makalabu amene amakonza maulendowa m'dzina lake, ndipo nthawi zake n'zofanana kulikonse: makilomita 200 ndi maola 13 ndi theka, 300 ndi maola 20, 400 ndi maola 27, 600 ndi maola 40. Ndinadzaza fomu pa intaneti, n'kusaina kuti ndikudziwa kuti misewu sidzatsekedwa ndipo ndidzatsatira malamulo a pamsewu ngati wina aliyense. Patapita masiku angapo okonza ananditumizira njira yonse ndi mndandanda wa malo odindira khadi.

Mukagawa makilomitawo ndi maolawo mupeza makilomita 15 pa ola. Aliyense wozolowera njinga amaona ngati ndi zamasewera, chifukwa liwiro limenelo ngakhale wongoyamba kumene amalikwanitsa. Msampha wake ndi wakuti 15 ameneyu akuphatikiza nthawi yonse imene njinga ili chiimire. Munthu wopalasa makilomita 20 pa ola amafunika maola 15 ali pachishalo, ndiye atsala ndi maola 5 okha a china chilichonse: kudya, kutunga madzi, kukonza chowonongeka, kusochera, kuvala ndi kuvula. Maola 5 amaoneka ambiri mukakhala pampando kunyumba. Pamsewu amatha osadziwa kuti apita kuti.

Pokonzekera, chimene ndinkaphunzitsa kwambiri si miyendo. Miyendo imazolowera msanga. Zimene zimagonja poyamba pa ulendo wautali ndi pokhalira, khosi, zikhatho ndi m'mimba, ndipo zimenezi sizizolowera mwa njira ina koma kukhala panjinga nthawi yaitali. Choncho mlungu uliwonse ndinkakhala ndi ulendo umodzi wautali, wowonjezereka pang'onopang'ono, ndikudya ndi kumwa zomwezo zimene ndinkafuna kudzadya tsiku lenilenilo. Ndimakhulupirira kwambiri kuti munthu asafike pa 300 asanamalizepo 200. Mlungu wotsiriza ndinachepetsa kupalasa n'kumagona mokwanira.

Njinga ndinaiyang'ana kudakali masiku, osati dzulo lake, kuti chosinthidwa chilichonse ndichiyese kaye pamsewu. Tcheni, mabuleki, matayala, masipoko. Chishalo sindinachikhudze n'komwe, chifukwa kuchikweza kapena kuchitsitsa pang'ono chabe kumatha kubweretsa ululu wa bondo umene umayamba kumveka mutapita kale kutali. M'kachikwama ndinaikamo machubu awiri, pampu, zigamba, tizitsulo tochotsera tayala, masipanala ang'onoang'ono ndi kolumikizira tcheni ikaduka. Nyali yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kumangidwa panjinga penipeni, ndipo jekete yonyezimira ndi yokakamiza kukada. Chifukwa chonyamulira zonsezi n'chakuti malamulo salola galimoto yokutsatirani. Wachibale akhoza kukudikirani pamalo odindira khadi n'kukuthandizani pomwepo, koma pakati pa malo amenewa mumadziona nokha, kapena kuthandizana ndi anzanu a pa ulendo womwewo.

Usiku wake ndinalemba pakapepala malo onse odindira khadi, mtunda wake, nthawi imene amatseka, ndi zigawo zitalizitali zopanda potunga madzi. Kapepalako ndinakamata pa felemu pomwe maso amafika mosavuta. Njira inalimo mu kachipangizo ka GPS, koma batire limatha, ndipo mutu wotopa suwerengera bwino.

Tinasonkhana kusanache. Okonza anayang'ana nyali ndi chipewa cha aliyense, kenako anatipatsa khadi. Khadi limeneli ndi umboni wokhawo wa ulendo wonse, ndipo mukalitaya ndiye kuti mwapalasa pachabe, choncho ndinaliika m'kapulasitiki kuti thukuta ndi mvula zisalifike. Nthawi ya 5 koloko itakwana anangoti tinyamuke, popanda mfuti kapena wenzulo.

Ola loyamba ndi loopsa chifukwa limakoma. Thupi lili ndi mphamvu, kunja kukuzizira bwino, ndipo gulu lakutsogolo limachoka ngati ulendo wake ndi wa makilomita 50. Kupalasa kumbuyo kwa anzanu n'kololedwa ndipo kumathandizadi, popeza wakutsogolo amakudulirani mphepo moti mphamvu zimene mumagwiritsa ntchito zimatha kuchepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma gulu lili ndi mwambo wake. Tayala lanu lakutsogolo lisalowe m'mbali mwa tayala lakumbuyo la mnzanu, musamange mabuleki mwadzidzidzi, muloze dzenje ndi dzanja kuti wakumbuyo alione, ndipo nthawi yanu yotsogolera ikafika mutsogole pa liwiro lomwelo, osati kuthamanga kuti akuoneni. Muyeso umene ndinkagwiritsa ntchito unali wa pakamwa. Ngati ndikutha kulankhula chiganizo chathunthu osapuma wefuwefu, liwirolo ndi langa. Pachikweza choyamba chachitali ndinaona kuti mawu ayamba kuduka, ndipo ndinalisiya gululo lipite. Kuona anzanu akuzimiririka kutsogolo kumawawa mumtima, sindikana, koma mphamvu zimene mungawononge powathamangira m'mawa sizibwerera madzulo.

Malo oyamba odindira khadi anali cha pa makilomita 75, ndipo amatseka patatha maola 5 chinyamukireni. Ndinafika nthawi ikadalipo yambiri, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ulendo wotere umapindulidwa kapena kutayika njinga itaima. Ndisanatsike ndinali nditadziwa kale zochita ndi ndondomeko yake. Choyamba chidindo, ndisanachite china chilichonse, chifukwa munthu akayamba ndi chakudya amatha kunyamuka khadi lili losadinda. Kenako kudzaza mabotolo, kuchimbudzi, kudya nditaimirira, chotsala m'thumba, n'kukwera. Mphindi 10 zinakwana. Ndinasiya pamalopo anthu amene anandipitirira kalekale, atavula nsapato, akucheza. Sindikuwanyoza, ena mwa iwo ndi amphamvu moti akhoza kutero n'kufikabe msanga. Koma kwa wopalasa wamba masamu ake ndi osabisika: malo asanu, theka la ola pa malo alionse, maola awiri ndi theka apita. Kuti mubweze nthawi imeneyo pamsewu muyenera kupalasa molimba kwa maola ambiri, pomwe kuisunga sikufuna mphamvu iliyonse. Nthawi imene mwasunga m'mawa ili ngati chimanga cha m'nkhokwe, mudzaitapa usiku zinthu zikavuta.

Sikuti malo onse amakhala ndi munthu wachidindo. Pena mumagula kanthu n'kusunga lisiti losonyeza nthawi ndi malo, pena mumayankha funso lolembedwa pa khadi la chinthu chimene mungachione pokhapokha mutafikadi pamalopo. Okonza amaloledwanso kuika malo achinsinsi osalembedwa pa mndandanda, n'cholinga choti wina asadule njira. Mukasochera, muyenera kubwerera pomwe munasiyira njira yolondola.

Kudya ndinakutenga ngati ntchito. Shuga amene thupi limasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri munthu akugwira ntchito yolimba, ndipo akatha miyendo imangolefuka, mutu n'kuyamba kuzungulira. Akatswiri a zamasewera amalangiza magalamu 30 mpaka 60 a zakudya za sitachi ndi shuga pa ola lililonse. Ine ndinkaluma kanthu pa theka la ola lililonse, njala ilipo kapena ayi. Madzi ndinkamwa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo botolo limodzi linali losakaniza ndi mchere, chifukwa thukuta limatulutsa mchere wambiri ndipo kumwa madzi okhaokha mopitirira muyeso kumatha kudwalitsa munthu koopsa. Masana zotsekemera zinayamba kundikola, ndipo zimene zinatsika bwino zinali zamchere.

Chigawo chapakati chinali dzuwa, mphepo yochokera kutsogolo ndi zitunda zosatha. Palibe nzeru yapadera apa. Giya yopepuka, miyendo izungulire maulendo 80 kapena 90 pa mphindi, osakankha giya yolemera imene imadya maondo. Manja ndinkawasinthasintha pogwira kuti zala zisachite dzanzi, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkaimirira pa mapedulo kuti magazi ayende.

Nditadutsa makilomita 200 mtima unagwa. Aliyense amene anayendapo maulendowa amaidziwa nthawi imeneyi. Palibe chimene chathyoka, koma maganizo amayamba kufunsa kuti ukuzunzikiranji, ndipo makilomita 100 otsalawo amaoneka ngati sadzatha. Bambo wina wachikulire, amene tinakhala tikupitirirana tsiku lonse, anandipeza ndikukwawa pachikweza n'kundiyang'ana kumaso.

"Achimwene, mwadya liti komaliza?"

"Pakhalako ndithu, bambo. Chakudya sichikutsika."

"Ndiye musaganize kanthu panopa. Idyani kaye, mumwe madzi, mupalase pang'onopang'ono. Zosiya ulendo mukaganizire pa chidindo chotsatira mutakhuta."

Ananena zoona. Maganizo ofuna kusiya kawirikawiri amakhala njala imene yafika kumutu. Ndinadzikakamiza kudya, ndinasiya kuwerenga makilomita 100 n'kumangoganiza za 30 ofikira pa malo otsatira, ndipo pasanathe theka la ola miyendo inabwerera. Izi n'zosiyana ndi ululu wobaya m'bondo, kupweteka kwa pachifuwa kapena kusiya kutuluka thukuta kukutentha. Zimenezo n'zoimira pomwepo, ndipo wosiya ulendo ayenera kuimbira okonza kuti asamusakesake usiku.

Chakumadzulo tayala lakumbuyo linaphwa. Ndinatulutsa chubu, kenako ndinayendetsa chala mosamala m'kati mwa tayala mpaka ndinapeza kawaya kakang'ono kamene kanabaya. Kudumpha gawo limeneli ndi kutaya chubu chachiwiri pamtunda wochepa. Ntchito yonse inatenga mphindi pafupifupi 15, ndipo ndinaigwira mtima uli m'malo chifukwa nthawi inalipo yosungidwa kale.

Dzuwa lisanalowe ndinavala jekete yonyezimira, ndinayatsa nyali zonse ziwiri ndi kuvala chofunda, osadikira kuti kuzizira kulowe m'thupi lotopa. Usiku msewu umasintha. Mumangoona pamene nyali yafika, choncho pamtsetse liwiro liyenera kutsika kuti dzenje mulione mukadali ndi mpata womanga mabuleki. Nyali za galimoto zobwera kutsogolo zimathobwa m'maso, ndipo chothandiza ndi kuyang'ana m'mphepete mwa msewu mbali yanu mpaka itadutsa. Pamalo otsiriza odindira khadi ndinawapezanso bambo aja ndi mayi wina amene anakhala akupalasa yekha, ndipo tinagwirizana zomalizira limodzi. Kuyenda awiri si mantha. Nyali zitatu zimawala bwino kuposa imodzi, oyendetsa galimoto amakuonani patali, ndipo macheza amathamangitsa tulo. Tinapangana kuti wina akayamba kusinza tiima tonse, chifukwa kugona mphindi 15 pamalo otetezeka kuli bwino kuposa kusinza njinga ikuyenda. Sizinafike pamenepo.

Tinafika kutatsala maola oposa awiri kuti nthawi ithe. Panali tebulo, nyali imodzi ndi anthu awiri odzipereka amene anakhala maso kutidikira. Analemba nthawi, ndinasaina khadi n'kulisiya m'manja mwawo. Ndinavala zouma nthawi yomweyo, ndinadya, ndipo sindinayendetse galimoto usiku umenewo, zimene ndinali nditakonzeratu.

Khadi silibwerera tsiku lomwelo. Okonza amayang'ana zidindo zonse, amatumiza zotsatira ku Audax Club Parisien, ndipo ikavomereza imapereka nambala ya ulendowo imene imamatidwa pa khadi lanu. Mendulo ilipo kwa woifuna. Nambalayi ndi yofunika chifukwa amene wamaliza 200, 300, 400 ndi 600 m'chaka chimodzi amatchedwa Super Randonneur, ndipo maulendo anayi amenewa ndiwo amatsegula khomo la Paris-Brest-Paris, ulendo wa ku France wa makilomita 1,200 wofunika kuumaliza pasanathe maola 90. Unayamba mu 1891 ngati mpikisano wokonzedwa ndi mtolankhani Pierre Giffard wa nyuzipepala ya Le Petit Journal, ndipo amene anapambana anali Charles Terront. Masiku ano ndi wa anthu wamba, umachitika kamodzi pa zaka zinayi, wa mu 2023 unayambira m'tauni ya Rambouillet kufupi ndi Paris, ndipo wotsatira ndi wa mu 2027. Amene akufuna kukakhala nawo ayenera kumaliza maulendo anayi aja m'chaka chomwecho. Kwa ine wotsatira ndi wa makilomita 400, umene umadutsa usiku wonse, choncho ndayamba kale kuyesa nyali yoyendera dainamo ya pa tayala lakutsogolo kuti ndisamadalire mabatire.