Timafufuza eni nkhope za pazithunzi zakale

Tinayamba ngati situdiyo wamba kuno ku Zomba, yojambula zithunzi za ziphaso ndi za maukwati. Mafoni atachuluka, makasitomala anachepa, koma kunayamba kubwera anthu ena atanyamula zithunzi zakale zotuluka m'masutikesi achitsulo, zina zitakulungidwa mumpango, zina zitapanidwa m'Baibulo. Ankafuna tizikulitse kuti akazionetse pa mwambo wa chiliza. Ndikafunsa kuti apa ndi ndani, ambiri ankangoti, "Ndi akuluakulu a kwathu, koma dzina latithawa." Ntchito yofufuza inabadwira pamenepo.

Chithunzi chikafika, ndimayamba ndatembenuza kumbuyo. Chidindo cha situdiyo chikanena Salisbury, ndiye kuti chinajambulidwa dzinalo lisanasinthe kukhala Harare mu 1982. Bambo wa suti ndi chipewa, chidindo cha ku Johannesburg, nthawi zambiri amakhala wa kumigodi, ndipo timafunsa ngati anapita pa WENELA, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku South Africa, ulendowu usanaimitsidwe mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi ambiri. Wa kabudula wa khaki ndi chipewa chachitali cha ngayaye ndi msilikali wa King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndipo kuno, kwawo kwa Cobbe Barracks ndi chipilala cha asilikali, zithunzi zotere n'zosasowa.

Mwayi wathu ndi woti Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo National Archives, kosungira zolemba zakale za dziko, idakali konkuno. Komabe zambiri za boma zakale kwambiri zinapsa ndi moto mu 1919, choncho nthawi zina timathandizidwa ndi akaundula a ubatizo a kumishoni.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ambiri mwa mapepalawa amadziwa amuna. Msonkho, usilikali, migodi, onsewo ndi mayina a abambo. Mayi woima pambali atavala chilundu, mwana ali m'manja, sapezekamo, chikhalirecho kuno mbumba imayenda ndi akazi. Ndiye timakwera njinga yamoto kupita ku Jali, ku Thondwe kapena ku Domasi kukakhala pamphasa ndi agogo. Gogo wina anatenga chithunzi chomwe tinachikulitsa, n'kuchiyandikitsa kumaso, chala chikuyenda pang'onopang'ono mpaka kuima pamphuno ya mayi wovala chipini.

"Mwanangu, awa ndi mayi aang'ono. Anakwatiwa kutsidya la Likangala, ana awo alipo."

"Agogo, dzina lawo la pautsikana mukulikumbukira?"

Analitchula, n'kutchulanso la malume awo ndi mudzi womwe anachokera. Zonsezi timazilemba pomwepo ndi kujambula mawu, chifukwa agogo oterewa akutha.

Banja limalandira kabuku ka zithunzi zokonzedwa bwino, mayina ndi mzere wa makolo, komanso kope ya pakompyuta. Chithunzi chenichenicho chimabwerera kwa eni ake. Alendo ena amafuna kugula kuti akakongoletsere nyumba, koma nkhope ya kholo la munthu sitigulitsa. Zomwe timasunga ife ndi zopatsidwa ndi mabanja mwakufuna kwawo, ndi zina zomwe zinasiyidwa m'masitudiyo otsekedwa.

Mdani wamkulu kuno ndi chinyontho cha m'tsinde mwa phiri. Nkhungu imamata zithunzi pamodzi, njenjete ndi chiswe n'kumalizitsa. Chonde musazimatire mupulasitiki wotentha uja, zimawonongekeratu. Ziikeni mu envelopu yapepala, pamalo ouma, dzina mulembe ndi pensulo kumbuyo.

Masiku ano ambiri otilembera pa WhatsApp ndi zidzukulu za matchona a ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Amatumiza chithunzi chimodzi ndi mawu akuti agogo ankati kwawo ndi kwa Chikowi kapena kwa Mwambo. Dera la mfumu yaikulu lili ndi midzi yambirimbiri, choncho timayamba ndi mfunda ndi dzina la mtsinje womwe agogowo ankautchula, kenako n'kumayenda kwa anyakwawa mmodzimmodzi, chithunzi chili m'manja.