Sabata yachinayi: peni yayamba kundimvera, koma mausi sindinaitaye

Chithunzi cha ukwati wa agogo anga chimene ndakhala ndikukonza pa kompyuta ndachifikitsa poti n'kuonetsa anthu. Ndi chakuda ndi choyera, chinatuluka m'sutikesi ya malemu agogo aakazi ku Chamama, chiswe chitadya ngodya yakumanzere, mzere wopindika utadutsa pakhutu la agogo aamuna mpaka pa velo ya mkwatibwi. Ndinakachipangitsa sikani pa boma penipeni pa Kasungu, n'kuyamba kuchikonza mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, poti ndi yaulere.

Masiku oyamba ndinkagwiritsa mausi. Kuchotsa timadontho ndi Heal, chida cha mu GIMP chofufutira zipsera, kunkayenda bwino, kudina apa, kudina apo, basi. Mavuto anayambira pa velo. Nsalu ija ndi yopyapyala, tsitsi limaonekera kuseri kwake, ndiye pamafunika dzanja lopepuka. Mausi siidziwa kuti wakanikiza pang'ono kapena kwambiri, ukangodina imathira zonse. Ndinkangokhalira kutsitsa ndi kukweza opacity, mphamvu ya utoto womwe burashi imathira, mpaka mkono kuwawa, koma velo kumaonekabe ngati yapakidwa laimu.

Msuweni wanga wa ku Lilongwe ndi amene anandigulitsa tabuleti yake yakale yojambulira ndi peni pa kompyuta, One by Wacom yaing'ono ija. Malo ojambulapo ndi mamilimita 152 kwa 95, safika n'komwe theka la pepala la A4. Peni yake silira batire, imatenga mphamvu ku tabuletiyo, ndipo imasiyanitsa makanikizidwe 2048. Tabuletiyo nayo imangodalira USB, kotero magetsi akazima ndimapitiriza mpaka laputopu itatheratu moto.

Sabata yoyamba ndinatsala pang'ono kumubwezera. Masiku awiri athunthu peni inkalemba ngati mausi wamba, ine n'kumati andigulitsa chakufa. Kumene vuto linali ine: mu GIMP 2.10 umayenera kulowa pa Input Devices, n'kuika peniyo pa Screen, kenako pa Dynamics kusankha Pressure Opacity. Nditatero, mzere unayamba kutuluka wofiyira ndikagusa pang'ono, wakuda bii ndikakanikiza.

Chinandizunza kwambiri ndi chizolowezi cha dzanja. Mausi umaikankha, kuinyamula, kuibweza, kukankhanso. Tabuleti siitero. Ngodya yake yakumtunda ndiyo ngodya yakumtunda ya sikirini, ndiye pomwe waika peni ndi pomwe kamuvi kakudumphira. Dzanja langa linkafunabe kukokera, kamuvi n'kumathawira kwina. Ndinatsekera mausi m'dirowa masiku asanu, ngakhale kutsegula Facebook ndinkachita ndi peni. Tsiku lachinayi ndinangozindikira kuti ndasiya kuyang'ana pansi. Velo ndinaimaliza madzulo awiri okha.

(Fumbi la kuno mu Okutobala muno ndi mdani wa nsonga ya peni. Ukapanda kupukuta tabuleti umamva ikukwecha ngati mchenga uli m'mbale, ndipo nsonga yosinthira ndatsala nayo imodzi yokha. Pano ndimaivundikira ndi kachidutswa ka chitenje.)

Mausi inatuluka m'dirowa nditafika pa khomo la tchalitchi kumbuyo kwa akwatiwo. Mizere yowongoka ndimaidula ndi Paths, chida choikira timadontho tolumikizana ndi mzere, ndipo pamenepo peni imanjenjemera, ukamaidzutsa kadontho kamasuntha. Ngakhale kukoka Curves ndi Levels, zida zosinthira kuwala ndi mdima wa chithunzi, mausi ndiyo imaima pomwe ndikufuna. Mnzanga wina amene amapanga maposita a maukwati ndi zithunzi za ziphaso anandifunsa ngati agule tabuleti. Ndinamuuza kuti ndalamayo agulire RAM, memore yothandiza kompyuta kugwira ntchito mwachangu. Ntchito yake ndi yodula, kusuntha ndi kulemba mawu, peni siimuthandiza kanthu.

Dzulo ndinawaonetsa amayi pa laputopu. Anakhala chete kwa kanthawi, akuyang'ana velo, kenako analoza ndi chala.

"Iwe, khutu ili ndi la ndani?"

"Ndi la agogo, amayi. Ndatengera linalo n'kulitembenuza."

"Bambo anga khutu lakumanzere linali long'ambika pamwamba, anakodwa ndi waya ali mnyamata. Ulibwezere mmene linalili."

Mwamwayi sikani yoyamba ndinaisunga pa leya yakeyake, gawo lapadera la chithunzi mu GIMP. Nditaikuza, kung'ambikako kukuonekadi, ine ndinkakuyesa mbali ya mzere wopindika uja. Loweruka ndikubwerera pakhutu, ndi burashi yaing'ono.