Tsiku limene mijigo yathu inasamukira ku Sudan

Lachinayi. Dzuwa la Okutobala kuno ku Chipata silicheza, choncho 6 koloko inandipeza ndili kale pa msika wa Kapata, ndikudikira mnzanga wa njinga yamoto. Tinatenga njira ya ku Chadiza. Ino ndi sabata yanga yachiwiri pa ntchito yoika mijigo ya m'midzi pamapu a pakompyuta, ngakhale amayi kunyumba akuuzabe anzawo kuti mwana wawo amalipidwa pojambula zitsime.

Ukafika pa mjigo umaima pambali pake, foni m'manja, n'kudikira. Foniyo imakhala ikumvetsera masetilaiti a GPS amene akuzungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000, ndipo imafunika imve osachepera 4 kuti ikuuze pamene waima. Pa mjigo woyamba ndinathawira pansi pa mtengo wa mango, foni n'kunena kuti ikhoza kuphonya ndi mamita 20. Nditatuluka padzuwa inatsika kufika pa mamita 4. Mthunzi ndinausiya ndikuuona.

Pa mjigo wachinayi m'pamene ndinakhalitsa. Fomu ya m'foni imafunsa ngati mjigo ukutulutsa madzi, ndipo mayankho ndi awiri okha, inde kapena ayi. Ndinapopa, madzi anatuluka, ndinadina inde. Agogo ena amene ankatsuka ndowa anali akundiyang'ana.

"Mwanawe, walemba kuti chiyani?"

"Kuti madzi alimo, agogo."

"Ubwerenso dzuwa likafika pamutu, udzalembe bwino."

Anandifotokozera kuti kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, mjigowo umapereka madzi m'mawa mokha. Ikakwana 10 koloko umangokhosomola, amayi n'kubwerera kudambo kumene kumamwanso ng'ombe. Ndinayang'ana inde wanga uja. Sindinaname, koma munthu wokhala mu ofesi akadzaona kadontho ka buluu pamudziwo adzati kumeneko zili bwino, ndalama apititse kwina. Mawu a agogowo ndinawalemba m'kope.

Foni inazima cha m'ma 11 koloko. Mijigo itatu yomaliza tinaiyeza ndi kachipangizo kakale ka GPS, manambala n'kukopera pamanja.

Masana ku ofesi tinatsegula QGIS, pulogalamu yaulere imene timagwiritsa ntchito. Amene sanaionepo aganize za mapepala oonekera mkati atasanjikizana, lina la misewu, lina la mitsinje, lina la midzi, lina la mijigo yathu. Mjigo ndi kadontho, msewu ndi mzere, munda kapena damu ndi malo ozunguliridwa, ndipo kuseri kwa chilichonse kuli tebulo la mbiri yake. Zimenezi ndi zimene amati GIS. Ubwino wake ndi woti umatha kuwafunsa mapuwo funso, monga lakuti ndi midzi iti imene ili kutali ndi madzi kuposa kilomita imodzi, iwo n'kuyankha.

Ndinalowetsa manambala a m'kope muja, koma madontho atatu sanaoneke. Ndinasaka mpaka bwana wanga anabwera, nachepetsa mapu kuti Africa yense aoneke. Mijigo yanga inali ku Sudan, pafupi ndi White Nile! Ofesi yonse inafa nazo. Chipata ali pa madigiri 13 ndi kanthu kummwera kwa equator, ndipo kompyuta imadziwa kummwera ukaika kamzere ka minus kutsogolo kwa nambala. Ine ndinakasiya. Akuti aliyense amapitako ku Sudan kamodzi, koma dzina la "wa ku Khartoum" landikakamira kale.

Titakonza, abwana anandionetsa chifukwa chimene amalimbikira za mamita. Anajambula bwalo la mamita 30 kuzungulira mjigo uliwonse, n'kusanjikapo zimbudzi zimene anzathu anayeza mwezi watha. Ziwiri zinagwera mkati, kutanthauza kuti zayandikira kwambiri moti zikhoza kuipitsa madzi. Ndikanakhala pansi pa mango paja, kuphonya kwa mamita 20 kukanatha kubisa chimbudzi kapena kunamizira banja losalakwa. Anakumbutsanso za dokotala John Snow, amene mu 1854 analemba pamapu nyumba za anthu omwalira ndi kolera ku London, n'kuona kuti zaunjikana kuzungulira mpopi umodzi wa pa Broad Street. Kwa ife imeneyi si nthano yakale. Tonse tikukumbuka Januwale 2024, pamene masukulu anachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera ndipo bwalo la masewero la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala.

Chinanso chandidabwitsa. Mudzi wa agogo aja pa mapu aulere a pa intaneti otchedwa OpenStreetMap palibe, pali poyera ngati sipakhala munthu. Mapu amenewa anayamba mu 2004 ndipo amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka, ambiri akuyang'ana zithunzi za setilaiti ali kutali. Denga la malata limawala, laudzu limafanana ndi nthaka. Ndinayamba kujambula nyumbazo imodziimodzi, ndinafika pa 17, magetsi n'kuthima.

Ndapempha kuti pafomu awonjezere funso la miyezi ndi maola amene mjigo umauma. Abwana ati aganizira, chifukwa ndiye kuti mijigo yonse ya sabata yatha tiibwererenso. Mawa ndikupita kwa agogo aja 12 koloko, ndipo kasuga pang'ono ndagula kale.