Paipi ndiye inalakwa, osati kachipangizo kanga

Popeza nkhani ija yoti ndinaboola paipi ya madzi m'nyumba mwanga mwaimva kale, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni woti "Injiniya wa Madzi", bola ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga. Madzi sanafike m'mawondo monga akunenera mlamu wanga, analekeza mu akakolo. Komanso kachipangizo kanga kofufuzira chitsulo m'khoma kanagwira ntchito yake. Mfundo imeneyi ndifa nayo.

Ine ndinkangofuna kukhoma shelefu ya mabuku. Munthu wanzeru saboola khoma asanadziwe zimene zabisala mkatimo, kaya ndi mawaya a magetsi, kaya ndi mapaipi. Makina ofufuzira zimenezi amagulitsidwa, ena mpaka amagwiritsa ntchito radar, koma ndinati ndalama zanga sizipita kumeneko mutu ndili nawo. Ndinatenga waya wopyapyala wa mkuwa n'kuukulunga pa chivindikiro cha botolo mpaka zala kuwawa, ndinalumikiza kachipu ka NE555, kaja kanatuluka mu 1972 koma mpaka lero sikanapume pantchito, kenako batire ya 9V ndi kabuzzer. Nzeru yake ndi yapafupi. Waya wokulungidwayo, amene amatchedwa koilo, amatulutsa mphamvu ya maginito yosinthasintha, ndiye chitsulo chikayandikira chimasokoneza mphamvuyo, kulira kwa buzzer n'kusintha. Ndinayesa ndi supuni. Tiii uja anasanduka tswiii. Ndinayenda m'nyumba monse supuni ili m'manja ngati ndine ndatulukira moto.

Pakhoma ndi pamene zinayamba kuvuta. Kachipangizoko kanalira kumanzere, ndinalemba X ndi pensulo. Nditabwererapo kuti nditsimikize, zii. Chitsulo chija chinali chitasamukira kumanja. Ndinalemba X wina. Kenako chinakwera m'mwamba, n'kutsika, n'kubwerera pakati. Ma X atakwana 14 ndinayamba kumva tsitsi likuyenda, chifukwa paipi yoyendayenda ndinali ndisanaimvepo.

"Mayi, tabwerani mudzamve. M'khomamu muli chinthu, ndipo chikundithawa."

Akazi anga anaima pakhomo, anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Bambo, tavulani wotchiyo."

Dzanja lamanzere ndinkalitsamiritsa pakhoma pafupi ndi koilo, ndiye kwa ola lathunthu ndinakhala ndikusaka wotchi yanga yomwe. Koma taonani bwino: wotchiyo ndi yachitsulo, ndipo kachipangizo kanaipeza ka 14 osaphonya.

Nditavula wotchi ndi mphete, zinthu zinalongosoka. Chakumtunda kwa soketi kulira kunkasintha, ndipo n'zomveka, poti mawaya nthawi zambiri amayenda mowongoka kuchokera pa soketi. Ndinapatuka pamenepo. Chapatali pang'ono ndinapeza malo abata, oti koilo ndinaidutsitsa katatu osasintha mawu ngakhale pang'ono. Ndinatenga makina oboolera ndi mtima wa munthu amene sayansi ili kumbali yake.

Poyamba panatuluka fumbi. Kenako makina analowa mofewa, ngati khoma lagonja, ndipo ndikukumbuka kuti ndinamwetulira. Nditazula, madzi anati tsaaa, molunjika m'diso langa lamanja.

Ndinatseka bowo ndi chala chachikulu. Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetse mmene ndinaimira. Mwendo umodzi unali pampando, wina m'malere. Makina oboolera anali m'dzanja lina, akadali olumikizidwa kumagetsi, ndipo ndinawakweza m'mwamba ngati mwana wakhanda powoloka mtsinje. Madzi anapeza njira m'mbali mwa chala, n'kutsetsereka pamkono, n'kulowa m'khwapa, n'kutsika ndi nthiti mwaulemu, osapupuluma, mpaka m'thumba la buluku mmene munali foni. Ndikasuntha chala pang'ono ankawaza kudenga. Ndikakanikiza kwambiri ankatembenukira ku katoni ya mabuku aja ndinkawafunira shelefu. Ndinakuwa kuti azimitse magetsi, ndinakuwa kuti atseke madzi, ndipo atandifunsa kuti potsekera madzi ndi pati, ndinazindikira kuti zaka zonsezi sindinadzifunsepo funso limeneli.

Apo n'kuti kachipangizo kanga kali pansi, pomwe ndinakasiya. Madzi anakafika pang'onopang'ono, n'kunyowetsa mawaya ake, ndipo kanayamba kulira kulira kumene sindinakamvepo, kosalekeza, kokweza, ngati kakuitana anthu kuti adzaone. Mwana wanga wamng'ono anawomba m'manja n'kunena kuti, "Adadi, kapeza!"

Wokonza mapaipi atabwera anagumula khoma kusiya dzenje loti mutu wanga n'kulowa. Anatulutsa chidutswa cha paipi ya pulasitiki, ya PVC, chili ndi bowo pakatikati penipeni, loti ngakhale ndikanachita kulinga sindikanalasa choncho. Anandifunsa kuti, "Bwana, kuseri kwa khomali kuli chiyani?" Ndinati bafa. Sanayankhe. Anangoyang'ana ma X 14 aja mmodzimmodzi, kenako anayang'ana ine.

Tsono inu amene mukuseka, tandiyankhani. Kachipangizoko ndinakapanga kuti kazipeza chitsulo. Pamalopo kanati palibe chitsulo. Kodi panali chitsulo? Pulasitiki sadutsa magetsi, maginito sam'gwira, ndiye koilo imuona bwanji? Ngakhale makina aja anatulukira Robert Franklin mu 1977, amene amamva kusiyana kwa zinthu za kuseri kwa khoma, anapangidwira kupeza matabwa m'makoma amphako, osati paipi yokwiriridwa m'simenti. Amene anaganiza zoika paipi ya pulasitiki pamalo oyenera shelefu ndi amene muzim'funsa.

Mabuku auma, ngakhale ena anatupa ngati alumidwa ndi njuchi. Shelefu yatsamira kuseri kwa chitseko. Ndili ndi maganizo owonjezera kasensa komva chinyezi, koma makina oboolera sakuoneka chichokereni tsiku lija, ndipo m'nyumba muno aliyense akuti sanawaone.