Kachala ka pameseji kanandifikitsa kwa jaji ku Indiana

Kuno ku South Bend aMalawi tilipo ambiri ndithu, ndiye kukakhala ukwati kaya graduation anthu amafuna nsima yeniyeni osati zamasangweji. Ine nditaona mpata ndinayamba kabizinesi kophika, nkhuku, mpunga, nyemba, mandasi, zonse. Anzanga akuti aise lembetsa kampani ya mtundu wa LLC, ndinalembetsadi kwa Secretary of State, kutenganso EIN, nambala ya msonkho ya bizinesi, ku IRS, bungwe lotolera misonkho, mpaka kusindikiza timakadi ta bizinesi. Mayendedwe anasintha abale.

Ndiye mu 2025 mayi wina wachimereka, mnzake wa alamu anga, analawa mandasi anga n'kugwa nawo m'chikondi. Ananditumizira meseji kuti mwana wake wamaliza sukulu, anthu 40, tinamvana $600, dipoziti $300, tsiku "Saturday 6/7". Ine ndinangoyankha ndi kachala koloza kumwamba kaja basi, n'kulemba pakalendala 6 July, ndikusekerera kuti eeh zangochitika bwino, tsiku la ufulu wa dziko lathu lomwe. Koma kuno amayamba ndi mwezi, mayiyo amanena June 7. Tsiku la phwando ine ndili ku Chicago kukachingamira mlendo ku bwalo la ndege la O'Hare, foni yathima, alendo 40 ali pakapinga kudikira nsima.

Dipoziti ija ndinali nditagulira kale mapoto awiri ndi tayala la galimoto, ndiye atati bwezani ndinati adikire kaye pang'ono. Sanadikire.

Kalata inabwera ya certified mail yochita kusainira, kutsegula chonchi ndi chisamani, dzina la mayiyo pamwamba langa pansi. Mimba inatentha pompo. Ndinalongeza bulangete, mswachi ndi Baibulo m'chikwama, makiyi a galimoto ndinasiya kwa alamu, n'kuimbira amayi ku Ntcheu kuti ayambe kupemphera, mwana wawo akukalowa. Alamu anayesa kundiuza kuti nkhani za ngongole ndi civil, za ndende ndi criminal ndipo kumeneko wodandaula amakhala boma, koma ine makutu anali atatseka. Chokhacho chomwe ndinamva ndi choti ukapanda kupita jaji amangogamula kuti waluza, amati default judgment.

Kukafika, ndi khoti la small claims, la milandu yosapitirira $10,000 kuno ku Indiana, anthu avala majinzi, ambiri alibe ndi loya yemwe, wina akudandaula za lendi wina za galimoto yomwe makaniko anaiononga. Wa suti ndi chikwama cha kundende ndinali ine ndekha.

Jaji anandifunsa ngati panali kontirakiti. Ndinaimirira mwamphamvu, ayi bwana, sitinasaine chilichonse. Mayiyo anangotulutsa pepala, wasindikiza mameseji onse, kachala kanga kali poteropo kakulu ngati chinangwa cha ku Nkhata Bay. Jaji anafotokoza modekha kuti pakakhala wopereka dilu, wina n'kuvomera, ndipo aliyense pali chomwe akupereka, uyu ndalama uyu chakudya, chomwe iwo amati consideration, kontirakiti yakwana, siginecha kaya ilipo kaya palibe. Osabweretsa chakudya ndiye breach, kuphwanya kontirakiti.

Ndinayesa ya tsiku ija kuti kwathu timayamba ndi deti. Anandifunsa kuti 6 July chaka chimenecho linali tsiku lanji. Tinayang'ana pafoni tonse. Lamulungu. Meseji ikuti Saturday.

Apa ndinaponya khadi langa lomaliza, bwana ine ndi LLC, limited liability, sangandikhudze. Jaji anavula magalasi. Akuti LLC imatchinga katundu wa mwini wake ku ngongole za kampani, koma siifafaniza ngongoleyo, komanso m'mameseji monse dzina la kampani mulibe, dipoziti inalowa mu akaunti yangayanga pa Zelle, ndiye amene anapangana ndi mayiyu ndi ineyo, osati timakadi tija.

Chigamulo: ndibweze $300, ndiwonjezere $250 chifukwa mayiyo anagula chakudya chadzidzidzi kwina pa $850, kuphatikizanso ndalama yomwe analipira potsegula mlandu. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati pali belo, kalaliki wa khoti anaseka mpaka kutsamira tebulo.

Ku Ntcheu nkhani inafika mwina. Azimayi a Mvano anali atasala kudya, ndipo mpaka pano amayi amauza aliyense kuti mwana wawo anatuluka m'ndende ya ku America tsiku lomwelo chifukwa cha mapemphero, moti akufuna nditumize ya mbuzi yothokozera.